Ku Guangzhou anati BP ya amuna anga ndi ya “makhololo ndi chinyezi”: kodi asiye mapiritsi?

Funso: Adokotala, amuna anga amapita ku Guangzhou kukagula katundu wa bizinesi. Ulendo wathawu anadwala mutu kwambiri ali komweko, mpaka anzawo anawatengera kuchipatala. BP inali 168/102. Atawayeza magazi anati chinthu china chotchedwa homocysteine chakwera, chafika 19, ndipo papepala analemba kuti H-type hypertension. Anawapatsa piritsi la enalapril losakaniza ndi folic acid. Pachipatala chomwecho anawatumizanso kwa dokotala wa mankhwala achikhalidwe cha ku China, amene anawayang'ana lilime, kuwagwira pamkono, n'kunena kuti vuto lawo ndi la “makhololo ndi chinyezi”. Iyeyu anawapatsa timapaketi ta zitsamba tosungunula m'madzi otentha. Pano BP yatsika, ndiye bambowa akuti mapiritsi asiye, apitirize zitsamba zokha chifukwa ndizo zikuzula muzu wa matenda. Ali ndi zaka 52, ndi onenepa, ndipo amamwako mowa. Satsokomola n'komwe, nanga makhololowo ali pati? Ndiwauze chiyani?

Yankho: Mayi, chofulumira ndi ichi: bambo asasiye piritsi lija. BP yatsika chifukwa akumwa mankhwala, osati chifukwa matenda atha, ndipo akasiya idzakweranso mwakachetechete, mwina mutu osapweteka n'komwe. Ngati asiya kale, akayezetse sabata ino yomwe. Zotsatirazi ndikulemba kuti inu mukhale ndi poyambira pokambirana nawo, chifukwa munthu amene wauzidwa m'chipatala chachikulu kuti muzu wa matenda ake wapezeka sangamve “ayi” wopanda chifukwa.

Tiyambe ndi pepala la magazi. M'zakudya zomanga thupi, monga nyama, nsomba, mazira ndi nyemba, muli kanthu kotchedwa methionine. Thupi likakagwiritsa ntchito, pamatsala homocysteine. Aliyense ali nayo m'magazi, inu ndi ine tomwe. Thupi siliilola kuti ichuluke. Ina limaibweza kuti ikhalenso methionine, ndipo ntchito imeneyi imafuna folate (vitamini amene m'mapiritsi amatchedwa folic acid) ndi vitamini B12. Ina limaisandutsa cysteine mothandizidwa ndi vitamini B6. Mavitaminiwa akaperewera, kapena impso zikayamba kufooka, homocysteine imaunjikana. Imakweranso munthu akamakula, ndipo amuna amakhala nayo yokwererapo kuposa akazi. Fodya ndi mowa zimaikweza. Chimodzimodzinso chithokomiro chogwira ntchito mofooka, ndi mankhwala ena: metformin wa shuga, amene amachepetsa B12 akamwedwa zaka zambiri, phenytoin ndi carbamazepine a khunyu, komanso methotrexate wa khansa ndi nyamakazi.

Nkhawa inayamba mu 1969, pamene dokotala wa ku America, Kilmer McCully, anaona kuti ana obadwa ndi vuto lokweza homocysteine mopitirira muyezo anali ndi mitsempha ya magazi yoonongeka akadali aang'ono. Kuchokera pamenepo kafukufuku wambiri wasonyeza kuti anthu a homocysteine yokwera amagwidwa sitiroko ndi matenda a mtima kuposa anzawo. Funso limene lakhala likukokanitsa madokotala n'lakuti, kodi homocysteine ndiyo ikuononga mitsempha, kapena ndi chizindikiro chabe chakuti munthuyo sadya bwino, impso zake zatopa, kapena wakalamba?

Dzina lakuti H-type hypertension ndi la ku China, ndipo simudzalimva kawirikawiri ku Johannesburg kapena ku London. Madokotala a kumeneko anayamba kuligwiritsa ntchito cha mu 2008. Limangotanthauza BP yokwera pamodzi ndi homocysteine ya 10 micromol pa lita kapena kuposerapo. Mzere wa 10 ndi wotsika ndithu, moti malinga ndi ziwerengero zawo, anthu pafupifupi 3 mwa 4 aliwonse a BP m'dzikomo amagwera m'gululi. Mayiko ambiri amati yakwera ikapitirira 15, ndipo malangizo a BP a dziko la China a 2018 anatenganso 15 yomweyo. 19 ya bambo yadutsa mizere yonse iwiri, komabe ili m'gawo la kukwera kwapang'ono. Pa manambala awiri amene mwandipatsa, yoopsa ndi 168/102.

Atchaina ali ndi zifukwa zomveka zoikirapo mtima pa nkhaniyi. Sitiroko ndiyo imapha anthu ambiri kumeneko kuposa matenda ena onse. Boma lawo silinalamule kuti ufa uzithiridwa folic acid, pamene America ndi Canada anachita zimenezi mu 1998, ndipo South Africa mu 2003. Palinso chibadwa. Thupi limakonza folate pogwiritsa ntchito kanthu kofulumizitsa ntchitoyi (enzyme) kotchedwa MTHFR, ndipo pali mtundu wake wina wofooka, C677T. Pafupifupi Mtchaina mmodzi mwa 4 anatengera mtundu wofookawu kwa bambo ndi mayi omwe, makamaka kumpoto kwa dzikolo. Munthu wotere akamadya masamba ochepa, homocysteine yake imakwera msanga.

Piritsi limene bambo anapatsidwa lili ndi mbiri yake. Kuyambira 2008 mpaka 2013, m'zigawo za Jiangsu ndi Anhui, munachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa CSPPT, wotsogoleredwa ndi Huo Yong, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya JAMA mu 2015. Anthu 20,702 a BP, amene anali asanagwidwepo sitiroko kapena mtima, anagawidwa mwamaere. Ena anamwa enalapril 10 mg yekha, ena enalapril 10 mg pamodzi ndi folic acid 0.8 mg. Patatha pafupifupi zaka 4 ndi theka, mwa anthu 1,000 aliwonse a enalapril yekha, 34 anagwidwa sitiroko, pamene mwa 1,000 owonjezera folic acid anali 27. Anthu 7 pa 1,000 si chozizwitsa, koma pa kavitamini kotchipa chonchi ndi phindu lenileni. Ndinene kuti kampani yopanga piritsilo inalipira nawo kafukufukuyu, ngakhale anachitika mwadongosolo loyenera. Kafukufuku wa m'mbuyomo ku North America ndi ku Ulaya, monga VISP wa 2004, NORVIT ndi HOPE-2 a 2006, anatsitsa homocysteine ndi mavitamini koma matenda a mtima sanachepe. HOPE-2 yekha ndiye anaonetsako kuchepa kwa sitiroko. Mmene ine ndimaonera, folic acid amathandiza kwambiri kumene anthu ali operewera folate, ndipo sachita zambiri kwa amene ali nayo kale yokwanira. Muwakumbutse bambo zinthu ziwiri za CSPPT: magulu onse awiri ankamwa mankhwala a BP tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chinkayesedwa sichinali zitsamba.

Tsopano za makhololo aja.

Asing'anga akale a ku China analibe makina oyezera BP. Lamba wa pamkono uja anapangidwa ku Italy mu 1896. Choncho m'mabuku awo mulibe matenda otchedwa BP; muli chizungulire ndi mutu, ndipo madokotala achikhalidwe a masiku ano amaika BP pansi pa mitu imeneyi. Njira yawo ndi yakuti anthu awiri odandaula chizungulire chomwecho angathe kukhala ndi kusokonekera kosiyana m'thupi. Kusokonekera kumeneku amakutcha zheng, ndipo amakupeza poyang'ana nkhope ndi lilime, pomvetsera mawu ndi fungo, pofunsa za tulo, chimbudzi, thukuta ndi chilakolako cha chakudya, ndiponso pogwira mtsempha wa pamkono ndi zala zitatu. Mankhwala amatsatira zheng, osati dzina la matenda.

Pa chizungulire pali ziphunzitso zitatu zakale zimene wophunzira aliyense amaloweza. Buku la Huangdi Neijing limati kugwedezeka ndi chizungulire chonse n'za chiwindi. Zhu Danxi, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1281 mpaka 1358, anati popanda makhololo palibe chizungulire. Zhang Jingyue, wa 1563 mpaka 1640, anati popanda kuperewera kwa mphamvu palibe chizungulire. Mu 2002 akuluakulu oyang'anira mankhwala ku China anatulutsa malangizo a kafukufuku wa mankhwala achikhalidwe, ndipo m'menemo BP inagawidwa m'magulu 4 amene ofufuza ambiri akugwiritsabe ntchito.

Gulu loyamba ndi “moto wa chiwindi”: munthu wofiira nkhope ndi maso, wosachedwa kupsa mtima, m'kamwa mowawa, wodzimbidwa, lilime lofiira lokutidwa ndi zachikasu. Lachiwiri ndi kuperewera kwa yin (mphamvu imene amati ndi yoziziritsa thupi) kumene kumalekerera yang (mphamvu yotenthetsa) kukwera kumutu: chizungulire, kulira kwa m'makutu, kusowa tulo, kutentha m'manja ndi kumapazi, kuphwanya kwa msana ndi mawondo, lilime lofiira louma. Lachitatu ndi kuperewera kwa yin ndi yang zonse ziwiri, limene limapezeka kwambiri mwa okalamba ndi odwala nthawi yaitali: kumva kuzizira, manja ndi mapazi ozizira, kukodzakodza usiku, lilime lotuwa, mtsempha wogunda mofooka. Ambiri amawonjezerapo gulu lina, la magazi oima, kumene lilime limada kapena kukhala ndi madontho. Musapusitsidwe ndi mayina a ziwalo. Akanena “chiwindi” kapena “impso” sakunena chiwalo chimene ife timachiona pa sikani. Munthu wa “moto wa chiwindi” angakhale ndi chiwindi chabwinobwino, ndipo wina wosauzidwa kanthu za “impso” angakhale ndi impso zodwala.

Gulu la bambo ndi lachinayi, tanshi, makhololo ndi chinyezi. Kaganizidwe kake n'kotere. Ntchito yosandutsa chakudya ndi madzi kukhala mphamvu amaipereka kwa “kapamba”. Munthu akamadya zonona, zamafuta ndi zotsekemera, akamamwa mowa, akamangokhala osagwira ntchito ya thukuta, “kapamba” amatopa. Zimene sizinasandulike bwino zimatsalira ngati chinyezi, chinyezicho chimalimba n'kukhala “makhololo”, ndipo makhololowo amatsekereza mphamvu yoyera kuti isafike kumutu. Iwo eni amasiyanitsa makhololo ooneka, otuluka pokhosomola, ndi osaoneka, ndiye musadabwe kuti bambo satsokomola. Zizindikiro zake ndi mutu wolemera ngati waukulunga nsalu, chifuwa chothina, nseru, tulo ta masana, thupi lolemera, kunenepa, lilime lotupa lokhala ndi zipsera za mano m'mbali ndi lokutidwa ndi zoyera zonanda, ndiponso mtsempha umene amati ndi woterera.

Homocysteine italowa m'zipatala za ku China, madokotala achikhalidwe anaipezera malo m'chiphunzitso chawo. Popeza ndi chotsalira chimene thupi lalephera kuchikonza, ambiri anati ndiyo “zonyansa za makhololo”, ena anati ndi magazi oima, ena poizoni. Ndipo pachitika kafukufuku wambiri wa mtundu umodzi: amatenga odwala a H-type hypertension pachipatala chimodzi, kuwagawa m'magulu aja, n'kuyerekeza homocysteine yawo. Malipoti ambiri amapeza kuti gulu la makhololo ndi chinyezi, nthawi zina pamodzi ndi la magazi oima, ndilo lalikulu kapena ndilo la homocysteine yokwera kwambiri. Koma si onse. Ena amapeza kuti okwera kwambiri ndi a kuperewera kwa yin ndi yang.

Zotsatira zimenezi sizindidabwitsa, ndipo sindifuna chiphunzitso cha makhololo kuti ndizimvetse. Taonani munthu amene amaikidwa m'gulu la tanshi: kawirikawiri ndi bambo wa zaka zapakati, wonenepa, wa mowa ndi fodya, wokonda nyama yonona kuposa masamba. Munthu wotereyu tikudziwa kale kuti homocysteine yake imakwera. Wa kuperewera kwa yin ndi yang ndi gogo wa impso zotopa ndi m'mimba mosayamwa bwino B12, nayenso yake imakwera. Gulu limene lingapambane limadalira kuti pachipatalapo pamabwera anthu otani. Dokotala wachikhalidwe uja anawaona bwino bambo, ndipo anawafotokoza molondola m'chinenero cha ntchito yake. Koma lilime ndi zala zitatu sizingauze munthu kuti homocysteine ndi 19, kapena kuti BP ndi 168. Izi zinadziwika ndi makina. Vuto lina n'lakuti madokotala achikhalidwe osiyana akaona wodwala mmodzi sagwirizana nthawi zonse pa zheng yake, ndipo kafukufuku woyesa zimenezi wakhala akupeza kusiyana kwakukulu. Kafukufuku wa magulu uja amangojambula anthu tsiku limodzi. Satiuza kuti amene anapatsidwa zitsamba zogwirizana ndi gulu lake anapewa sitiroko patapita zaka.

Mwina bambo angakuuzeni kuti ngakhale bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza zimenezi. N'zoona kuti m'kaundula wa matenda wa ICD-11, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022, muli chaputala cha mayina a matenda a m'mankhwala achikhalidwe ochokera ku China, Japan ndi Korea. Cholinga chake n'chakuti zipatala zizilemba ndi kuwerengera mofanana. WHO inanena poyera kuti chaputalacho si umboni wakuti mankhwalawo amachiritsa.

Nanga zitsambazo zimatsitsa BP? Kwa gulu la makhololo, msakanizo wodziwika kwambiri ndi Banxia Baizhu Tianma Tang, wochokera m'buku la Cheng Guopeng la 1732, ndipo n'kutheka kuti timapaketi ta bambo tazikidwa pamenepo. Kwa yang wokwera amapereka Tianma Gouteng Yin, kwa moto wa chiwindi Longdan Xiegan Tang, kwa magazi oima Xuefu Zhuyu Tang. Malipoti onena kuti misakanizoyi imatsitsa BP ndi homocysteine alipo ambiri, koma ochuluka ndi a anthu ochepa, a masabata owerengeka, opanda mankhwala onamizira oyerekezera nawo, ndipo pafupifupi onse amapereka zitsamba pamwamba pa mapiritsi, osati m'malo mwake. Bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zamankhwala, litafufuza za Tianma Gouteng Yin mu 2012 silinapeze kafukufuku ngakhale mmodzi wokwana muyezo wake. Wina wochitika bwino anatuluka m'magazini ya Circulation mu 2020, wochokera ku Shanghai: anthu 251 anamwa msakanizo wa tianma ndi gouteng kapena mankhwala onamizira kwa masabata 4, ndipo zitsamba zinatsitsa nambala yapamwamba ndi 2 kapena 3 kuposa onamizirawo. Ndiye kanthu kalipo, sindingakane. Koma BP ya bambo ya 168 ija inkafunika kutsika ndi 30 kapena kuposerapo. Ndipo popeza anayamba piritsi ndi zitsamba tsiku limodzi, palibe njira imene iwo angadziwire kuti ulemu ukupita kwa zitsamba.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti sitikudziwa zimene zili m'timapaketimo. M'misakanizo yambiri, kuphatikizapo Banxia Baizhu Tianma Tang, muli gancao, muzu wotsekemera umene Azungu amautcha licorice. Ukamwedwa wambiri kapena kwa nthawi yaitali umasungitsa mchere ndi madzi m'thupi, umataya potaziyamu, ndipo umakweza BP. Mahuang, wopezeka m'mankhwala ena a chimfine ndi ochepetsa thupi, amakweza BP ndi kuthamangitsa mtima, ndipo America inaletsa zowonjezera zakudya zokhala ndi chomerachi mu 2004. Danshen, wa “magazi oima”, akakumana ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, magazi amatha kutuluka osaleka. Fuzi, wopatsidwa kwa “operewera yang”, ndi poizoni wa mtima ngati sanakonzedwe bwino. Ndipo pali nkhani yomvetsa chisoni ya aristolochic acid, poizoni wopezeka m'zomera zina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi pafupifupi 100 ku Belgium anaonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi amene munalowa chomera cholakwika, ena mpaka anadwala khansa ya njira ya mkodzo. Ku China komweko, mapiritsi a Longdan Xiegan okhala ndi guanmutong, chomera cha poizoni yemweyu, anapha impso za anthu ambiri, mpaka boma linaletsa chomerachi mu 2003. Chipatala chovomerezeka cha ku Guangzhou sichiyenera kupereka zoterezi lero, koma zogula pamsika kapena pa intaneti palibe angakutsimikizireni.

Palinso mapiritsi ooneka ngati a zitsamba amene muli mankhwala achizungu. Chitsanzo chodziwika ndi Zhenju Jiangya Pian, wa BP, amene muli clonidine ndi hydrochlorothiazide. Opanga sabisa, zalembedwa pabokosi, koma m'Chitchaina. Munthu akasiya clonidine mwadzidzidzi BP imalumpha kuposa poyamba. Choncho ngati pakati pa zimene bambo anabwera nazo pali mapiritsi kapena makapisozi, musawataye ndiponso musawasiyitse nokha. Jambulani bokosi lililonse ndi pepala la dokotala, mumasulire mayinawo pafoni, ndipo mupite nazo zonse kuchipatala.

Mfundo ina imene mwina sinaganiziridwe ku Guangzhou n'njakuti bambo si Mtchaina. Mtundu wofooka wa MTHFR uja ndi wosowa pakati pa anthu akuda a mu Africa, ndiye homocysteine yawo ikakwera ndimayamba kukayikira mowa, kadyedwe, B12 ndi impso. Chachiwiri, enalapril ndi anzake, akakhala okha, satsitsa BP mwamphamvu mwa anthu akuda ngati mmene amachitira amlodipine kapena mapiritsi okodzetsa monga HCTZ. Kafukufuku wa CREOLE, wofalitsidwa mu 2019, anachitika m'mayiko 6 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa, ndipo anapeza kuti misakanizo yokhala ndi amlodipine inaposa wa perindopril (mnzake wa enalapril) ndi HCTZ. Izi sizikutanthauza kuti enalapril ndi wolakwika. Ngati bambo ali ndi shuga kapena mkodzo wawo uli ndi puloteni, ndi mankhwala abwino oteteza impso. Koma BP yoyambira pa 168/102 nthawi zambiri imafuna mitundu iwiri ya mankhwala, ndiye musadabwe dokotala wa kuno akawonjezera kapena kusintha. Enalapril amatha kuyambitsa chifuwa chouma chosatha. Choopsa, ngakhale sichichitika kawirikawiri, ndi kutupa kwa milomo, lilime kapena kukhosi, ndipo chimagwira anthu akuda kuposa ena. Zikatero asamwenso, athamangire kuchipatala. Ngati amamwa bactrim tsiku ndi tsiku adokotala adziwe, chifukwa awiriwa pamodzi amakweza potaziyamu. Brufen ndi diclofenac azipewe, panado ndiye wabwino pa mutu.

Piritsi losakaniza lija likatha, simungalipeze mosavuta kuno, ndipo palibe chifukwa cholisakira. Dokotala angalembe mankhwala a BP ndi folic acid padera. Dziwani kuti folic acid wopezeka kwambiri m'mafamase mwathu ndi wa 5 mg, kuposa kasanu ndi kamodzi mlingo wa mu CSPPT, ndipo kuchulutsa sikuwonjezera chitetezo. Asanayambe kumwa kwa nthawi yaitali ndi bwino kuona za B12, chifukwa folic acid amatha kubisa kuchepa magazi kobwera ndi kusowa B12 pamene minyewa ikupitiriza kuonongeka. Ngati bambo amamva dzanzi kapena kubayabaya kumapazi, kapena amadzandira poyenda, anene. Kuyeza homocysteine sikuchitika mwachizolowezi m'zipatala zathu, ndipo ine sindingakulimbikitseni kutaya ndalama zambiri pobwereza. Ndalamazo zipite ku creatinine ndi potaziyamu, shuga, mafuta a m'magazi, full blood count, ndi kuyeza puloteni mumkodzo. Ndi zimenezi dokotala adzadziwa ngati impso zili bwino, ndipo zimenezo ndi zofunika kuziona pa munthu womwa enalapril ndi zitsamba nthawi imodzi.

Pali malo amodzi pamene ine ndi dokotala wachikhalidwe uja tikugwirizana kotheratu, ndipo ndi pamene mungawagwirire bambo. Kwa munthu wa tanshi, chiphunzitso chawo chimati achepetse zonona, zokazinga, zotsekemera ndi mowa, aziyenda, achepetse thupi. Ngati bambo akukhulupirira kuti muzu ndi makhololo, ndiye kuti dokotala wawo yemweyo wawaletsa mowa. Mowa umakweza BP, umalepheretsa thupi kuyamwa ndi kusunga folate, ndiponso umanenepetsa. Folate tili nayo pakhomo: nyemba, khobwe, nandolo, mtedza, bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, mpiru, therere, mapeyala. Imatha masamba akaphikidwa nthawi yaitali kapena madzi ake akatayidwa, ndipo soda ndi chidulo zimaononganso mavitamini ena, ndiye ndiwo zamasamba zizichotsedwa pamoto zikadali zobiriwira. Ufa wa pachigayo suthiridwa mavitamini, choncho nsima yokha singathandize apa. B12 ili mu usipa, matemba, utaka, mazira, mkaka ndi chiwindi. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wobisika m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'soseji ndi m'tchipisi. Akakhala ku China, mchere wambiri uli mu soy sauce, mu msuzi wa manudozi ndi m'ndiwo zoviikidwa mumchere.

Ngati akuumirira zitsamba, sindingamenyane nawo, bola zinthu zitatu zikwaniritsidwe: tidziwe dzina la chilichonse chili m'menemo, impso ndi potaziyamu ziyezedwe, ndipo piritsi la BP lipitirire. Mugule makina oyezera BP a pamkono wapamwamba, osati a pamfundo ya dzanja, okhala ndi lamba wokwana mkono wawo. Kwa sabata imodzi aziyeza m'mawa asanamwe mankhwala ndi madzulo, atakhala pansi mphindi 5, kawiri nthawi iliyonse, n'kulemba m'kope. Kunyumba tikufuna manambala osafika 135/85. Kope limeneli lipite kwa dokotala pamodzi ndi mabokosi aja.

Inuyo ndi ana mudziwe zizindikiro za sitiroko: pakamwa kupotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, lilime kulemera polankhula, diso kusiya kuona, kapena mutu woopsa wobwera kamodzin'kamodzi. Zikachitika, ngakhale zitatha zokha pakapita mphindi zochepa, musawapatse zitsamba, aspirin kapena chakumwa chilichonse. Pitani nawo kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo, ndipo mukumbukire ola limene zinayambira, chifukwa adokotala adzakufunsani.

Akadzabwereranso ku Guangzhou anyamule mapiritsi okwanira ulendo wonse m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi pepala la mankhwala amene akumwa kuno. Akakafuna kuonananso ndi dokotala wachikhalidwe uja, akamuonetse pepalalo, akapemphe mndandanda wa zitsamba zonse ndi magalamu ake, ndipo akafunse mwachindunji ngati muli gancao.